Gulu la banja: ulendo wa ku phiri la Mulanje

Amalume: Moni nonse. Nkhani ija yokwera phiri la Mulanje ana akatsekera sukulu mu Ogasiti tiimalize lero. Pempho langa ndi limodzi, tisadzere ku Likhubula Loweruka. Chaka chatha tinapita ndi a kwaya, pa Dziwe la Nkhalamba panalibe poponda. Masipika uku ndi uku, mabotolo ali mbwee pamiyala. Mkokomo wa mathithi sindinaumve n'komwe, mtima unandiwawa.

Achemwali a ku Limbe: Zoona amalume. Bolanso mwasankha Ogasiti, mu Julaye kumakhala mpikisano wothamanga m'phirimo wa Porters Race, ndipo amayambira pa Likhubula pomwepo.

Alamu a ku Phalombe: Ndiye bwerani mudzadzere kuno. Tikayambira pa Fort Lister timakwera mpaka kanyumba ka Sombani, maola atatu kapena anayi tikamayenda ndi ana. Anthu ambiri amathamangira ku Chambe ndi ku Lichenya, kuno mkati mwa sabata mutha kuyenda tsiku lonse osakumana ndi gulu lina. Mlonda wa pakanyumbapo amakoleza moto ndi kutunga madzi, koma ufa, ndiwo ndi zofunda n'zathu.

Mphwanga wa ku Joni: Nanga Sapitwa? Ine ndikuchokera kutali, ndimafuna ndikaponde pamwamba penipeni.

Alamu a ku Phalombe: Mamita 3,002 si masewera alamu. Pamafunika kugona ku kanyumba ka Chisepo, kudzuka kusanache, kenako kukwawa pamiyala ndi manja. Chiperoni chikatsika, mnzako ali pafupi pomwepa sumuona. Ndi anawa ayi. Kufupi ndi Sombani kuli nsonga ya Namasile, achinyamata mukakwere imeneyo.

Azakhali: Ana inu, ine maondo anatha, ku Sombani sindingafike. Koma pa Dziwe ndikufuna ndikafikepo. Malemu bambo athu anatitengerapo tili ana, ine ndi amalume anuwa. Anatikhazika pamwala, n'kutiuza kuti m'phirimu mukapeza chakudya chokonzakonza mudye chete, osaitana mnzanu, ndi cha mizimu. Madzi ake ankazizira mpaka mano kuwawa. Ndimafuna adzukulu akamve zimenezi ali pamalo pomwepo.

Amalume: Achemwali mwandikumbutsa kutali. Tikafikapo ndithu.

Achemwali a ku Limbe: Tipange chonchi. Tinyamuke ku Limbe Lachiwiri 5 koloko m'mawa, tikakhale oyamba pa Likhubula. Tiyende pang'onopang'ono ndi azakhali, anthu akamayamba kubwera ife tikutsika. Tikagule chinanazi ndi zotsala pa Chitakale, tikagone kwa alamu. Lachitatu amphamvu akwere, Lachinayi atsike.

Alamu a ku Phalombe: Mphasa zilipo, azakhali atsala ndi mayi a kunyumba. Wotiperekeza ndifunsa kwa a zankhalango, chifukwa namondwe Freddy wa 2023 anagumula malo ambiri mbali ino, tisayende mongokumbukira njira yakale. Onyamula katundu titenge awiri.

Mphwanga wa ku Joni: Ndamva, Sapitwa idikire. Ndalama ya wotiperekeza ndi onyamula katundu ndilipira ine.

Azakhali: Ambuye akudalitse mwanawe. Majuzi a ana musaiwale, ndi thumba lotolera zinyalala zathu.

Amalume: Amene mukupita lembani maina pano pofika Lamlungu, tidziwe ngati minibasi imodzi ikwana.