Ndisankhe template yotani ya kabuku ka zolemba zanga?

MphunzitsiWopuma:

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikulemba za kwathu ku Ntcheu: kalimidwe ka makolo athu, mayina a zitsime ndi madambo amene achinyamata sakuwadziwanso, komanso mbiri ya banja lathu. Tsopano ndikufuna kusonkhanitsa zonsezi m'kabuku ka masamba pafupifupi 40, ndisindikize makope ochepa ogawira abale, ena ndiwatumizire ngati PDF pa WhatsApp, makamaka ana amene ali ku Johannesburg.

Mdzukulu wanga wandionetsa matemplate (maonekedwe a tsamba okonzedweratu) ambirimbiri pa pulogalamu ya Canva ndi mu Microsoft Word, mpaka mutu wanga wazungulira. Ina ili ndi maluwa m'mbali ndipo tsamba lonse ndi la mtundu wa khofi wothira mkaka, ina imagawa tsamba m'madanga awiri ngati nyuzipepala, pamene ina ndi yoyera chabe yopanda chokongoletsa chilichonse. Ndivomereze kuti mtima wanga wapita pa ya maluwayo, koma ndisanataye ndalama ndati ndifunse kwa inu odziwa: kodi munthu amayang'ana chiyani posankha?

Wosindikiza_Limbe:

Bambo aphunzitsi, ine ndimagwira ntchito yosindikiza, choncho ndiyankha monga woima pamakina. Template ya tsamba lopakidwa mtundu ponseponse imakongola pa kompyuta pokha. Mukaisindikiza yamitundu, tsamba lililonse mulilipira mtengo wokwera kuposa la zilembo zakuda zokha, ndipo mukaisindikiza yopanda mitundu pofuna kupulumutsa ndalama, mtundu wa khofi uja umasanduka phulusa moti zilembo zimamira momwemo. Vuto lina ndi lakuti makina ambiri a m'maofesi safikitsa inki kumapeto kwenikweni kwa pepala, ndiye tsamba limatuluka ndi mzere woyera m'mphepete monse umene simunauone pa kompyuta paja.

Musanasankhe maonekedwe, yambani mwasankha kukula kwa tsamba. Timabuku totere nthawi zambiri timatipanga pa A5, imene ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, chifukwa ndi pepala la A4 lopindidwa pakati. Pepala limodzi lopindidwa chotero limapereka masamba anayi, kotero chiwerengero cha masamba anu chiyenera kugawika ndi 4: masamba 40 ndi mapepala 10 ndendende, koma akafika 41 mudzalipira ngati 44 ndipo atatu adzatsala opanda kanthu. Onetsetsaninso kuti template ikusiya mpata wokwanira mbali yamkati, kumene timapinda ndi kumenya mawaya, kuti mawu asalowe mopindidwamo.

NaPhiri_Zomba:

Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Limbe, koma pali mbali ina imene anthu amaiiwala, ndiyo chinenero chenichenicho. Matemplate amenewa amakonzedwa ndi anthu oganizira Chingerezi, chimene mawu ake ambiri ndi aafupi. Ife tili ndi mawu onga "sindinawafotokozerepo" ndi "akadzakakukumbutsani", ndipo mukawaika m'madanga awiri opapatiza a tsamba la A5, mzere umodzi umangonyamula mawu awiri kapena atatu. Template ikakhala yolinganiza mizere mbali zonse ziwiri, mipata ya pakati pa mawu imatambasuka mpaka tsamba kumaoneka ngati munda wa chimanga chomera mwapatalipatali. Ya madanga awiri ija muisiye, bambo, ndipo mizere ilingane kumanzere kokha.

Muzimitsenso kudula mawu kumene kompyuta imachita yokha kumapeto kwa mzere, chifukwa imatsata malamulo a Chingerezi. M'Chichewa phatikizo limathera pa lembo laliwu, choncho timadula "ku-mbu-ki-ra", koma makina akhoza kulekanitsa m ndi b.

Chinthu chachitatu ndi zilembo. Ngati ndinu a gulu lija lolemba "Malaŵi" ndi "aŵiri", yesani kaye lembo la ŵ m'mitu ndi m'nkhani momwe, popeza zilembo zambiri zokhotakhota zokongoletsera mitu zilibe lembo limeneli, ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi kapena ŵ wa mtundu wina amene amaonekeratu kuti ndi mlendo. Times New Roman ili nalo, chimodzimodzinso Gentium ndi Charis za bungwe la SIL, ndi Noto ya Google, zimene zitatuzi zimapezeka kwaulere. Ine ndinaphunzira mochedwa, nditasindikiza kale ndondomeko ya ukwati wa mwana wa mchemwali wanga, dzina la mkwatibwi lili ndi kabokosi pakati.

Mnyamata_wa_Area25:

Agogo, makolo anga pamwambapa anena zoona, komabe sindikufuna kuti mutaye maluwa anu onse. Chikuto ndi pepala limodzi lokha, ndiye chimenecho mukhoza kuchikonza pa Canva ndi mitundu yonse imene mtima wanu ukufuna, n'kuchisindikiza pa pepala lolimba. Chenjerani chabe ndi zithunzi zokhala ndi kachizindikiro ka chisoti chachifumu, chifukwa zimenezo ndi zolipira. Zamkati muzilembe mu Word, kapena mu LibreOffice Writer imene ndi yaulere, pa template yoyera ija.

Pempho langa ndi lakuti mitu ya nkhani musaikulitse pamanja umodziumodzi. Uzani mdzukulu wanu aiike pa Heading 1, kalembedwe ka mitu kamene kali kale mu Word, chifukwa mukatero, tsiku limene mudzafune kusintha maonekedwe mudzasintha pamalo amodzi ndipo mitu yonse idzatsatira, komanso ndandanda ya zamkati idzadzipanga yokha ndi manambala a masamba.

Za a ku Johannesburg, kumbukirani kuti adzawerengera pa foni. Tsamba la A5 la danga limodzi limawerengeka bwino popanda kulikoka ndi zala, ndipo PDF yopanda zokongoletsa pa tsamba lililonse imakhala yopepuka, siimaliza bandulo ya wolandira.

MphunzitsiWopuma:

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo tasindikiza tsamba limodzi pa template ya maluwa ndi lomwelo pa yoyera, ndipo ndinawapatsa alongo anga a zaka 78 kuti awerenge pakhonde. La maluwalo analiyamikira kukongola kenaka analiika pambali n'kufunsa magalasi, pamene loyeralo analiwerenga mpaka pansi, kungoti anadandaula kuti zilembo za saizi 11 n'zazing'ono. Tazikweza kufika pa 13 ndipo masamba akwera kuchoka pa 40 kufika pa 49, ndiye achimwene a ku Limbe mundiuze ngati kuli bwino ndichotse tsamba limodzi kuti akhale 48, kapena ndiwonjezere zithunzi za agogo kuti akwane 52.