Motorhome ikafera pa msewu wa ku France, munthu amayambira pati?

Mbewe_wa_ku_Leeds analemba:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene munayendapo ulendo wautali pa galimoto yogonamo ija amati motorhome. Nditapuma pa ntchito chaka chatha ndinagula yakale, ya 2009, yomangidwa pa Fiat Ducato ya injini ya dizilo ya 2.3, ndipo mu Ogasiti tikufuna kupita nayo ku Portugal ine, mayi akunyumba ndi adzukulu athu awiri. Tidzawolokera pa Dover kupita ku Calais, kenako tidzatsetsereka kudzera ku Rouen, Tours ndi Bordeaux, n'kulowa m'dziko la Spain pa Irun, kudutsa Burgos ndi Salamanca mpaka pa malire a Vilar Formoso. Ulendo wonse tauikira milungu inayi.

Chimene chandisowetsa tulo n'chakuti mwezi wathawu, tili ku Scotland, galimotoyi inakana kulira m'mawa wina ngakhale kuti magetsi a m'kati ankayaka bwinobwino, ndipo tinakhala maola asanu tikudikira makaniko m'dziko limene chinenero chake ndimachimva. Nanga zikadzachitika kumene sinditha kufunsa ngakhale madzi akumwa? Ndiuzeni zitsulo zoyenera kunyamula, masipeya ofunika, ndi zimene munthu amayamba kuchita galimoto ikaima pa msewu waukulu.

Nachisale_Luton anayankha:

Bambo Mbewe, za masipeya ndisiyira amakaniko. Ine ndikufotokozerani zimene zinatichitikira pa msewu wa A10 titangodutsa Poitiers, pamene tayala lakumbuyo linaphulika Loweruka masana, n'kung'amba pulasitiki ya m'mbali pamodzi ndi paipi yotulutsa madzi a kusinki.

Choyamba chimene sitinkadziwa n'chakuti pa misewu ikuluikulu ya ku France, imene eni ake amaitcha autoroute, simungaitane kampani yanu ya inshuwalansi kuti itumize galimoto yodzakukokani. Amene amaloledwa kugwira ntchito pa misewu imeneyi ndi makampani ovomerezeka a chigawo chimenecho basi, ndipo mumawapeza pogwiritsa ntchito mafoni aulere a mtundu wa olenji amene ali m'mbali mwa msewu pa makilomita awiri aliwonse, kapena poimba 112. Ife tinataya pafupifupi ola lathunthu tikuimbira a inshuwalansi ku Britain, amene pamapeto pake anatiuza zomwezi. Akakutulutsani pa msewuwo n'kukufikitsani kumalo awo, m'pamene a inshuwalansi anu amalowererapo. Mtengo wa kukoka galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 umakhazikitsidwa ndi boma, ndipo umakwera usiku, Loweruka, Lamlungu ndi pa masiku a tchuthi. Ife tinalipira tokha pomwepo, ndalamazo anadzatibwezera patapita milungu, choncho lisiti lililonse mulisunge ngati chiphaso.

Chachiwiri n'chimene chimandichititsa nthumanzi mpaka lero, makamaka poti inu muli ndi ana. Motorhome zambiri zopangidwira ku Britain zili ndi chitseko cha nyumba kumanzere, chifukwa kuno kumanzere ndiko kumphepete kwa msewu. Mukangowoloka nyanja n'kuyamba kuyenda kumanja, chitseko chimenecho chimatsegukira kumene kukudutsa malole. Mwana akachita mantha amathamangira chitseko chimene anazolowera. Adzukuluwo muwaphunzitse musananyamuke kuti galimoto ikaima pa msewu aliyense amatulukira chitseko cha dalaivala, atavala kale chovala chowala choonekera patali, n'kukaima kuseri kwa zitsulo zotchinga m'mbali mwa msewu. Zovalazo mugule zinayi ndipo zikhale pafupi ndi mipando, osati m'bokosi la panja, poti lamulo la ku France limafuna kuti dalaivala avale asanatuluke. Musalole aliyense kutsala m'kati poganiza kuti muli mthunzi ndi firiji.

Zotsalazo zinali za kudikira. Tayala la saizi yathu panalibe, Lamlungu magalaja satsegula, ndipo mu Ogasiti ambiri amatseka milungu ingapo eni ake atapita kutchuthi. Kumbukiraninso kuti pa 15 Ogasiti ndi tsiku la tchuthi ku France, ku Spain ndi ku Portugal komwe. Tinagona masiku atatu pabwalo la galaja, pakati pa magalimoto ochita ngozi, ndipo tinayamika kuti mwini malowo anatipatsa chingwe cha magetsi ndi mpopi wa madzi.

Makaniko_Coventry anayankha:

Achikulire, galimoto imene muli nayo si yovuta kupezera thandizo. Ducato, Peugeot Boxer ndi Citroën Jumper, imene kuno ku Britain amaitcha Relay, zimapangidwa pa fakitale imodzi ku Atessa m'dziko la Italy, ndipo mavani oterewa ali paliponse m'maiko amene mukupitawo. Injini yanu ya 2.3 ndi ya banja limodzi ndi ya Iveco Daily, kotero kuti galaja ya Fiat Professional ikakhala kutali, ya malole a Iveco imathanso kuidziwa. Chovuta chimakhala kutalika kwa galimoto, chifukwa galaja ya magalimoto ang'onoang'ono nthawi zambiri ilibe khomo loti ilowe kapena makina oti ainyamule. Mulembe pa kapepala utali, msinkhu ndi kulemera kwake m'mamita ndi makilogalamu, mukamate pafupi ndi chiwongolero, kuti pofunsidwa pa foni musaganizire.

Zimene zinakuchitikirani ku Scotland zili ndi chifukwa chosavuta. Motorhome ili ndi mabatire awiri osiyana: lina ndi la nyumba, loyatsa magetsi ndi pampu ya madzi, lina ndi lolizira injini, ndipo pa Ducato ya chaka chanu lili pansi pa mapazi a wokhala kumanzere kutsogolo, osati m'boneti. Magetsi a m'kati angawale usiku wonse batire la injini litafa kale. Ngati simukudziwa zaka zake, lisintheni, ndipo makaniko ayeze ngati alternator ikutchaja, chifukwa batire latsopano pa alternator yodwala silikufikitsani ku Bordeaux.

Koma chimene ndingakugwadireni kuti muchite ndi lamba wa injini, uja amati timing belt. Injini ya 2.3 imayendera lamba, osati tcheni, ndipo lamba amakalamba ndi zaka ngakhale galimoto itangokhala. Apa ndi pamene ogula motorhome amapusitsidwa: amaona makilomita ochepa n'kuganiza kuti zonse ndi zatsopano, pamene galimotoyo yakhala miyezi isanu ndi itatu pa chaka ili chiimire pa chinyezi. Lamba akaduka injini ikuthamanga, mavavu amawombana ndi mapisitoni, ndipo pamenepo ulendo watha. Ngati wogulitsayo sanakupatseni lisiti losonyeza tsiku limene anasinthidwa, muoneni ngati sanasinthidwe, ndipo musinthire pamodzi ndi pampu ya madzi a injini.

Matayala nawonso amakalamba chimodzimodzi, mano ali athunthu koma mphira itang'aluka m'mbali, ndipo ndikukhulupirira kuti n'zimene zinawachitikira Mayi Nachisale. Pa tayala lililonse pali mawu akuti DOT, ndipo manambala anayi akumapeto amanena mlungu ndi chaka chimene linapangidwa. Ofunika pa galimoto yotere ndi olembedwa CP, amene anapangidwira kusenza katundu wolemera nthawi yaitali. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi ndipo amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Pa mitsetse yaitali, monga imene mudzaipeze mukalowa ku Portugal pa msewu wa A25, muzitsika ndi giya yaing'ono, osati phazi pa buleki njira yonse, chifukwa mafuta okhala ndi madzi akawira phazi limangolowa pansi.

Zonyamula ine ndinganene tayala la sipeya lenileni, jeki yamphamvu kuposa imene inabwera ndi galimoto, mafyuzi, mababu, fyuluta ya dizilo, lamba wa alternator, zingwe zolizira injini, ndi kamakina ka OBD kowerenga zimene kompyuta ya injini ikudandaula. Injini ikangofooka mwadzidzidzi n'kuyatsa nyali pa dashibodi, kamakinako kamakupatsani nambala ya vutolo, ndipo nambala imeneyo makaniko wa ku Burgos amaimva popanda womasulira.

Nangozo_Glasgow anayankha:

Ndikuvomerezana ndi a Makaniko pa za lamba ndi matayala, koma pa za katundu wonyamula ndikupempha kuti tisamale, chifukwa chitsulo chilichonse chili ndi kulemera kwake. Galimoto zambiri zotere malire ake ndi makilogalamu 3,500, ndipo amene anapeza laisensi ya ku Britain kuyambira pa 1 Januwale 1997, ngakhalenso ambiri a ife amene tinadzaipezera kuno titachoka kumudzi, saloledwa kuyendetsa yoposa pamenepo popanda laisensi ya C1, ya magalimoto olemererapo. Madzi okwana malita 100 ndi makilogalamu 100. Mukaonjezera anthu anayi, mabotolo a gasi, njinga za ana, thumba la ufa limene Mmalawi aliyense salisiya, ndi bokosi la zitsulo, mudzapeza kuti mwapitirira, ndipo kulemera kopitirira ndi kumene kumaphulitsa matayala akumbuyo pa phula lotentha la ku Spain. Pitani pa sikelo ya malole galimoto ili yodzaza monga mmene idzakhalire pa ulendo, muyeze yonse, kenako muyeze mawilo akumbuyo okha.

Bambo Mbewe, mwafunsa za sipanala, koma ine ndaona kuti chimene chimapulumutsa munthu ndi pepala la inshuwalansi lowerengedwa mpaka m'timalemba tating'ono. Galimoto wamba ikafa mumakagona ku hotela imene munalipira kale, pamene motorhome ikafa mwataya galimoto, bedi, khitchini ndi chimbudzi nthawi imodzi. Muwafunse mafunso awa ndipo akuyankheni polemba: ngati amalandira galimoto ya zaka zimenezo, ya utali ndi kulemera kumeneko, ngati ulendo wa milungu inayi ukukwana m'masiku amene amalola pa ulendo umodzi, ndalama zimene amapereka pa malo ogona anthu anayi, ndi zimene amachita galimoto ikalephereka kukonzedwa. Funso lomalizali ndilo lalikulu, chifukwa mapangano ambiri amati adzaibweza ku Britain pokhapokha mtengo woibwezera usapose mtengo wa galimotoyo pa msika. Ife yathu inafa giyabokosi pafupi ndi Valladolid, ndipo kampani imene tinali nayo inaiwerengera mtengo wotsika kwambiri moti tinakangana milungu iwiri isanavomere kuinyamula. Tinabwerera pa ndege ndi zikwama ziwiri, china chilichonse n'kutsala m'galimotomo kwa mwezi woposa umodzi, kuphatikizapo zakudya za m'firiji zimene tinaiwala kutaya. Fungo lake sindilifotokoza pano.

Pali nkhani ina imene anzathu a kuno saiganizira. Wa pasipoti ya Britain amaloledwa masiku 90 pa masiku 180 aliwonse m'maiko a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya limene muli France, Spain ndi Portugal, kotero kuchedwa mlungu umodzi sikumuvuta. Koma ngati wina pa banjapo akuyendera pasipoti ya Malawi, iye ali pa viza ya masiku owerengeka, ndipo galimoto ikagona ku galaja masikuwo amangotha. Popempha viza muikepo masiku apadera. Adzukulu akhale ndi kalata ya makolo awo yowalola kuyenda nanu, chifukwa mwina mudzafunika kukwera nawo ndege mosayembekezera. Mapasipoti, chikalata cha galimoto chotchedwa V5C, mankhwala ndi matchaja zikhale m'chikwama chimodzi chimene mungachitole ndi dzanja limodzi potuluka.

Mbewe_wa_ku_Leeds anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndachita zimene munanena ndipo ndabwera ndi manyazi pang'ono. Matayala akumbuyo alembedwa 2314, kutanthauza mlungu wa 23 wa 2014, ngakhale kuti amaoneka ngati ogulidwa dzulo. Lisiti la lamba m'mapepala mulibe. Pa sikelo galimoto inalemera makilogalamu 3,440 ndili ndekha m'katimo, thanki ya madzi yodzaza, mayi ndi adzukulu asanakwere. Mayi akuyenderadi pasipoti ya Malawi, ndipo viza tinapempha ya masiku 30 pa ulendo wa masiku 28, choncho tagwirizana kuti tifupikitse ulendo tikathere ku Salamanca. Funso langa latsala kwa a Makaniko: poti ndiyenera kuchepetsa katundu, kodi ndingasiye tayala la sipeya n'kudalira kabotolo ka mankhwala omata kamene kanabwera ndi galimoto?

Makaniko_Coventry anayankha:

Ayi achikulire, sipeyayo musaisiye. Kabotoloko kamamata bowo la msomali, koma tayala long'ambika m'mbali silimatika, ndipo okoka galimoto akapeza muli ndi sipeya amakusinthirani pomwepo m'malo mokutengerani ku galaja kukadikira Lolemba. Chepetsani madzi, muziyenda ndi malita 20 okha n'kumadzaza mukafika pogona, ndipo njinga ndi botolo lachiwiri la gasi zitsale ku Leeds ngati loyambalo lili lodzaza, poti mabotolo a kuno sasinthidwa ku France. Mukatero mubwerere pa sikelo nonse anayi, ndipo nambala ya mawilo akumbuyo muiyerekeze ndi malire a kulemera amene alembedwa pa kachitsulo ka m'boneti.