Funso: mlatho wopanda chikwangwani tiziulemba bwanji pa OpenStreetMap?

Anzanga amene mumajambula misewu pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angathandize kujambula, ndigawireniko nzeru.

Kwathu kuno kuli mlatho wachitsulo wa Bailey, wodutsa galimoto imodzi. Chikwangwani chake chosonyeza malire a galimoto zololedwa kudutsapo chinazulidwa kalekale, pangotsala chitsulo choimirira. Malole onyamula fodya ndi chimanga amadutsabe, koma pang'onopang'ono, wothandiza dalaivala atatsika n'kumakodola ndi manja kuti magalasi asagunde m'mbali.

Mmene ndikudziwira, pa mapuwa chizindikiro cha maxwidth ndi malire a lamulo a m'lifupi mwa galimoto, amene amalembedwa pa chikwangwani, pomwe maxwidth:physical ndi mpata weniweni umene ulipo. Mpatawo ndauyeza kale ndi tepi. Ndiye ndilembe physical yokhayo, inayo ndiisiye? Nanga mapulogalamu olondolera njira za malole amaiwerenga physical imeneyi? Apa ndiye pagona nkhawa yanga, chifukwa lole ikafika pamlathopo n'kukanika, palibe potembenukira, msewu ndi wopanikiza kwambiri.

Za kulemera ndiye zondivuta kuposa. Matani sayezedwa ndi tepi. Madalaivala akale amakumbukira nambala imene inali pa chikwangwani, koma sagwirizana, ndipo ine sindikufuna kuika maxweight (malire a kulemera) yongomva. Alipo amene anafunsapo ku Roads Authority kapena ku khonsolo za milatho ya m'misewu ya kumidzi? Munafikira ofesi iti?

Chinanso, chapafupi pomwepo nthambi za mango zimakolowola matenti a malole. Zoterezi n'zoyenera maxheight:physical (mpata weniweni wa m'mwamba), poti mawa akhoza kuzidula?