Road Rash ija inathera kuti?

Wakabaza: Abale ndani akukumbukira Road Rash, gemu ya njinga zamoto ija timamenyana ndi matcheni tili pa liwiro? Ndikuifuna pa laputopu, ikupezekabe?

Mkulu_wakale: Eee wandikumbutsa kale aise. Ya kampani ya EA imeneyo, inayamba 1991 pa makina osewerera magemu a Sega Mega Drive koma ife tinadziwira ya pa kompyuta ya 1996 ija. Chimandinyasa chinali wapolisi, ukangogwa pafupi naye basi wakugwira ndalama zapita, nthawi zina njinga ili uko iwe ukuthamanga wapansi kukaitola anzako akungokudutsa kkkk

Mlongo_wanu: Sakani gemu ya Road Redemption pa Steam (sitolo ya magemu ya pa intaneti) achimwene, ya 2017. Si ya EA koma ndewu yake ndi yomweyo, muli mfuti zomwe. Kungoti imafuna makina amphamvuko.

Wakabaza: Yangayi ndi nkhalamba, imatentha ngati mbaula, koma ndiyesabe