Series ndi parallel popanda ammeter: foni imodzi, ana 78

Wa Physics, Mchinji: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Lachiwiri ndikuyamba series ndi parallel circuits ku Fomu 4. Ana alipo 78, ammeter (chida choyezera current) tinali nayo imodzi ndipo singano yake inauma kalekale. Ndinayesa PhET, pulogalamu yochitira ma experiment a sayansi pa sikirini, pa foni, koma kusukulu kwathu netiweki imagwira ukaima pachulu kuseri kwa ofesi. Ndikalowa m'kalasi basi yathawa.

Madamu a Chemistry, Zomba: Musamaitsegule pa intaneti, aphunzitsi. Mukapita pa boma, lowani pa webusaiti ya PhET, pezani Circuit Construction Kit: DC, dinani pa download. Ikubwera ngati fayilo imodzi ya html, ma MB ochepa. Mukaitsegula ndi Chrome imayenda popanda bandulo. Ndi za ulere, a University of Colorado Boulder ndi amene amapanga. Ija ya pa Play Store ndi yogula, isiyeni.

Wa Physics, Mchinji: Ndinachita dawunilodi dzulo koma ikungoonetsa zilembo zambirimbiri.

Madamu a Chemistry, Zomba: Yatsegukira mu app yolakwika. Pitani mu Files, dinikizani fayiloyo, sankhani "open with", kenako Chrome. Anzanu muwapatse pa Bluetooth.

Mkulu wopuma, Dedza: Ana anga, mundilole ndiponyepo liwu. Pa practical ya MANEB mwana sakadina galasi la foni, akagwira waya. Ndinaona ana odziwa Ohm's law pamtima akulumikiza ammeter mopingasa, ngati voltmeter. Pa foni palibe waya wosakhudza bwino, palibe batire lofooka. Mababu a tochi, mabatire, ndi waya wa mu wailesi yakufa, zimenezo zilipo pamsika uliwonse. Ku SMASSE, maphunziro a aphunzitsi a masamu ndi sayansi, tinkalimbikitsana zomwezo.

Wophunzira uphunzitsi, Domasi: Bambo, zoona, koma pali chimodzi chomwe babu sangaonetse. Mu PhET ana amaona ma electron akuyenda, n'kugawikana pa mphambano ya parallel. Pa teaching practice ndinapanga dala short circuit, batire linayaka moto pa sikirini, kalasi yonse kukuwa. Kuyambira tsiku limenelo palibe anaiwala.

Wa Physics, Mchinji: Nanga 78 pa kafoni kamodzi?

Madamu a Chemistry, Zomba: Bwerekani mafoni awiri ku staff room, akhale atatu. Magulu 6 a ana 13. Atatu ali pa mafoni, atatu ali pa mababu, pakatha mphindi 15 asinthane. Koma asanachotse babu limodzi, gulu lililonse lilembe kaye zimene likuganiza kuti zichitika. Apo ayi angosewera. Muike flight mode, ine mwamuna wanga anaimba ana ali mkati moyeza voltage.

Mkulu wopuma, Dedza: Apo ndavomera. Muwonjezere kujambula sikelo ya ammeter pa katoni, singano ya kamtengo, aphunzire kuwerenga 0.24 A osati kungokopera manambala.

Wa Physics, Mchinji: Yatseguka ndi Chrome! Zikomo nonse. Mababu ndikagula Loweruka. Ali ndi multimeter pafupi ndi Kamwendo andibwereke mpaka Lachisanu.