Za K45,000 ya phala la ku mkombaphala

Mlembi: Mwaswera bwanji amayi. Ndawerengetsa buku, m'thumba la zadzidzidzi la banki m'khonde yathu mukuperewera K45,000. Amsungichuma tifotokozereni pompano tisanafike Lachinayi.

Msungichuma: Sinasowe ayi, ndinagulira soya ndi chimanga cha phala la ana ku mkombaphala, yotsala ndinalipira kuchigayo. Apampando ndinawauza

Wapampando: Munandiuza kuti ufa watha mayi, zoti mutapa m'thumba simunanene

Make Tadala: Ndiye maloko atatu aja tinagulilanji ngati munthu mmodzi akutulutsa yekha ndalama??

Msungichuma: Sinali m'bokosi inali pa Mpamba, ndi ija munatumiza amene munajomba sabata yatha ija. Komatu amayi mukanawaona anawo lolemba, abwera ndi makapu awo kukhala pakhonde kudikira, moto osakoleza, ena kulira ena kungogona pamkeka, January uno kunyumba zambiri m'mawa sikuphikidwa kanthu ndiye ine ndikanatani ndalama ili m'foni

Gogo Nabanda: Mwana wanga chifundo chako sitikuchikana. Koma thumba lija ndi la maliro ndi matenda. Ine chaka chatha ndili m'chipatala mwezi wathunthu linandiombola ndi lomwelo. Wina atadwala usiku uno tipita kuti

Make Chifundo: Nanga a Mary's Meals aja sapereka ufa?

Mlembi: Ajawo amabweretsa Likuni phala ku pulayimale kuja, ife kwathu nkuphika ndi kutola nkhuni basi. Mkombaphala wathuyu ngwamudzi, makolo tinagwirizana kusonkha chimanga ndi soya tikakolola koma osonkha anali ochepa

Make Tadala: Apo ndiye pali nkhani. Ine ndinasonkha ndowa yathunthu, lero ndilipirenso kudzera ku banki pomwe ena ana awo akumwa phala daily osasonkha olo kambale kamodzi? Ayi zimenezo

Make Chifundo: Musatinene achemwali, kwathu mbozi zinatha munda wonse mukudziwa

Wapampando: Tisatukwanane. Ine maganizo anga ndi awa, K45,000 ilembedwe ngati ngongole ya komiti ya mkombaphala, yopanda chiwongoladzanja, ibwezedwe tikakolola mu May. Amsungichuma asayine ngati mboni

Make Tadala: Mboni bwanji, ilembedwe pa dzina lawo. Komiti ikalephera tidule pa masheya awo pogawana mu December. Ndipo chindapusa chophwanya lamulo apereke, ine munandidula K500 chifukwa chochedwa chabe

Msungichuma: Chindapusa ndipereka, koma ngongole yonse pamutu panga ayi, phalalo sanamwe mwana wanga yekha. Zidzukulu zanu Gogo zili momwemo

Gogo Nabanda: Zilimo inde. Lachinayi tiitane apampando a komiti ndi amfumu, adzanene okha adzabweza liti

Mlembi: Chabwino 2 koloko kwa apampando. Amsungichuma mubwere ndi foni tione meseji ya Mpamba, ndipo mutiuze ufa mwagulawo ufika tsiku liti, ukatha tisadzamvenso kuti mwatapa kwina