Liwu lija la whiff ndalimvetsa tsopano

Zikomo nonse amene munandiyankha sabata yatha nditafunsa tanthauzo la liwu la Chingerezi lakuti whiff. Ndinatsata malangizo oti ndisangodalira dikishonale koma ndilione m'ziganizo zingapo, ndipo zinathandizadi. Ndi kafungo kongokudutsa pamphuno n'kuzimirira, ngati mphepo ikakubweretsera fungo la usipa womwe aneba akukazinga. Kakhoza kukhala konunkhira kapena konunkha.

Pomwe ndinasokonezeka m'nkhani ndinkawerenga ija panali pa whiff of corruption. Apo mphuno sikugwira ntchito ayi, akutanthauza kuti zikuoneka ngati pali katangale koma umboni sunapezeke. Winanso anandiuza kuti ku America, pa masewera a baseball, liwuli limatanthauza kuphonya mpira pomenya. Tanthauzo limenelo ndangolisunga, sindinaligwiritsepo ntchito.